A Kholowa Sanaweruke

Tabwereza zimene wanenazo, Mwandida. Bwana wako wati chiyani? Wati popanda iwe ofesi singayende? Ndiye iwe wabwera nazo kuno mano ali mbee ngati wakupatsa ng'ombe! Taona nthawi imene wafika. Anzako adya kale, magetsi azima, ndiwo zazizira, iwe maso ali psuu, koma ukunyadira. Khala pansi, sendera kumbaulaku. Lero umva za bambo ako. Iwe umangokumbukira kuti pamaliro awo anthu ankandiloza chala kuti ndapenga. Unali wamng'ono, sudziwa kumene zinayambira.

Nthawi imeneyo tinkakhala ku Balaka, ndipo bambo ako, a Damiano, ankagwira ntchito yophika buledi kwa bwana Likongwe. Usaganize kuti inali kampani. Inali nyumba ya malata kuseri kwa msika, mkati muli uvuni wa njerwa wosonkhera nkhuni ndi chibafa chachitsulo chokandiramo ufa. Bambo ako anali wothandiza chabe. Mwini ntchito weniweni anali a Kholowa, bambo wamtali, wowonda, wosadziwa mawu akuti ayi. Munthu ameneyo ankadzuka tambala asanalire, kuwaza nkhuni, kukoleza moto, kukanda, kuphika, kenako kumangirira makireti panjinga n'kukagawa m'magolosale. Akabwerako, m'malo mopita kwawo, ankayambanso kukanda za madzulo. Lamulungu kwa iwo linali dzina chabe. Akazi awo, a Nangozo, ankati amuna awo amawadziwira fungo la yisiti pabulangeti, chifukwa nkhope ankaiona mwa apo ndi apo.

Tsiku lililonse a Kholowa ankadzera kwathu kudzatenga bambo ako. Ankaima kuseri kwa zenera, kuliza belu la njinga, kutsokomola, n'kunena kuti, "Damiano, kwacha." Kunja kuli bii. Ine mawu amenewo ndinkadana nawo kuposa udzudzu.

A Kholowa anafa chiimire. Bambo ako pochokera kotunga madzi anawapeza ataweramira m'chibafa, manja ali mu ufa mpaka m'zigongono, ngati akuganiza. Anawayankhula, zii. Atawagwira paphewa, munthu anangogwera kumbali. Ndipo ukudziwa kuti buledi wa tsiku limenelo anaphikidwa ndithu n'kugulitsidwa? Bwana anati ufa wafufuma kale, sungatayidwe.

Mwambo wa maliro umaudziwa. Amayankhula a kubanja, a kuntchito, kenako a mpingo. Ndipo munthu aliyense woleredwa bwino amadziwa kuti ukaima pamaso pa bokosi sukuyankhula kwa okhuza okha, mwini wakeyo akumva. Wakufa umamutsanzika. Umamuuza kuti pitani, mukagone, zotsala tiona tokha. Koma bwana Likongwe ankakonda kudzimvera pakamwa. Anaimirira atavala jekete lakuda, kampango m'manja, n'kuloza bokosi.

"A Kholowa, mwandilakwira! Mwaweruka bwanji osanditsanzika? Ine sindinakuuzeni kuti muweruke. Uvuni uja mwasiyira ndani? Malo anu palibe adzalowepo, a Kholowa. Azikudikirani."

Amayi anabuma, abambo n'kumagwedeza mitu kuti bwanayu ndi wachikondi. Ine ndinali nditakhala pafupi ndi a Nangozo, ndipo anandifinya dzanja mpaka zikhadabo kulowa.

"Mayi a Mwandida," anandinong'oneza, "akuwauziranji zimenezo? Amuna anga sanakanepo mawu a bwana."

Ndinkayesa kuti ndi chisoni chikuwayankhulitsa.

Lolemba bambo ako anapita kuntchito okha. Pobwera anakhala pakhonde osavula nsapato, n'kundifunsa ngati ndamvapo kuti bwana walemba mlonda. Ndinati ndingazidziwe bwanji ine. Anati atafika anapeza nkhuni zowazawaza zitasanjidwa bwino, moto uli lawilawi mu uvuni, koma chitseko chili chokiya. Tinangoti mwina bwana wachita manyazi, walawirira yekha kukathandiza. Tinaseka, chifukwa bwana Likongwe nkhwangwa sankadziwa n'kogwira komwe.

Kenako a Nangozo anabwera kudzandidandaulira za epuloni. Zinthu za malemu zitabwezedwa kuchokera kuntchito, iwo anachapa epuloni ya amuna awo n'kuyanika pachingwe. Kutacha inasowa, zovala zina zonse zili pompo. Bambo ako anali pomwepo akumva. A Nangozo atapita ndi pamene anandiuza kuti epuloniyo ili pamsomali wake kuuvuni, ndipo m'mawa uliwonse amaipeza yonyowa ndi thukuta.

Akabaza olawirira kusiteji nawo anayamba zawo. Ankati mbandakucha, panjira yodutsa kumanda, amakumana ndi munthu wamtali akukankha njinga. Ukamupatsa moni sayankha, ukamuunika amapotoza nkhope, akadutsa kumangotsala fungo la buledi wamoto. Agalu a m'njira imeneyo, amene ankauwa ngakhale chitsa, ankangoti zii.

Zonsezi ndinkaziyesa nkhani za anthu osowa chochita, mpaka tsiku limene ndinadzidzimuka kutulo belu la njinga likulira kuseri kwa zenera lathu. Ngrii, ngrii. Kenako chifuwa chija, chouma, chimene ndinkachidziwa bwino. Ndinagwira bambo ako mkono. Mawu anabwera otsika, ngati munthu akuyankhulira mumtsuko.

"Damiano, kwacha."

Mwana wanga, ukuganiza kuti bambo ako anakuwa? Anapemphera? Anadzuka n'kuyamba kufufuza nsapato pansi pa bedi!

"Bambo a Mwandida, mukupita kuti?" ndinatero. "Amene akukuitananiwo tinawaika m'manda tonse!"

"Ndamva, mkazanga. Koma ngati akanda kale, ufa uja ufufuma n'kuwonongeka. Ukufuna bwana anene kuti ndine waulesi?"

Mpaka lero ndikakumbukira yankho limenelo mutu umandiwawa. Munthu akuitanidwa ndi wakufa, iye n'kumaopa bwana.

Vuto linali lakuti wakufa satopa. A Kholowa ankawaza nkhuni, kusonkha moto ndi kukanda, koma kuphika, kuphula ndi kukaonekera kwa eni magolosale, zimenezo zinkadikira wamoyo. Bambo ako akafika ankapeza chibafa chili tho, ufa ukusefukira. Akamaliza umenewo, potembenuka wina wadzaza kale. Ndipo belu lija tsiku lililonse linkalawirira kuposa dzulo lake, mpaka linayamba kulira ine ndisanamalize n'kutsuka mbale za mgonero komwe.

Bwana Likongwe ataona buledi akuchuluka popanda kulemba munthu wina, sanafunse funso. Anangoonjezera magolosale, mpaka ku Utale, mpaka ku Phalula, bambo ako akupalasa. Kumsika anthu ankanong'ona kuti bwanayo wakhwima, wasandutsa a Kholowa ndondocha. Ine ndinkawauza kuti musamupatse ulemu wotere. Kukhwima kumafuna kupita kwa sing'anga n'kutaya kanthu, ndipo munthu uja ngakhale chingwe cha thumba la ufa sankataya. Iye anangoyankhula mopusa pamaliro, kenako n'kupeza kuti kupusako kukumupindulira.

Bambo ako anayamba kusungunuka. Lamba anamubowola mabowo atsopano. Tsiku lina anasinza ndi kapu ya tiyi m'manja, n'kudziwotcha ntchafu osamva. Iwe ukawathamangira pakhomo ankakuyang'ana kaye, ngati akufuna kukumbukira kuti ndiwe mwana wa yani. Pamenepo ndi pamene ndinawakokera kuchipatala, akunyinyirika njira yonse kuti ufa ukudikira.

Dokotala atawayeza anapukusa mutu. "Bambo, magazi anu akuthamanga kwambiri, mtima watopa. Kodi mumagona?"

"Ntchito sipha munthu, adokotala," anatero bambo ako akuseka.

"Imapha," anayankha dokotalayo. "Ku Japan, komwe kumachokera magalimoto timakwerawa, imfa yotere anachita kuipatsa dzina. Amati karoshi, kufa ndi ntchito. Munthu wabwinobwino amangogwa, osadwala. Mukapitiriza chonchi mugwa inunso."

Ine ndinati bola iwo anaipatsa dzina. Kuno timangoti malemu anali wolimbikira, n'kumamuyamikira pamaliro. Bambo ako analonjeza kuti adzapuma Khirisimasi ikadutsa, poti nyengo imeneyo ndi imene buledi amayenda malonda.

Sindinadikire Khirisimasi. Ndinatenga a Nangozo, ulendo kwa bwana Likongwe. Tinawapeza madzulo pakhomo pa uvuni, akutokosa m'mano. Tinagwada monga mwa ulemu, ine n'kuyamba.

"Bwana, tabwera kudzapempha chinthu chimodzi chosavuta. Tiyeni kumanda mukawauze a Kholowa kuti aweruke. Inu ndi amene munawauza kuti malo awo akuwadikira, ndipo mawu anu okha ndi amene amamva."

Anaseka mpaka kutsamwa. "Amayi, ine ndine mkulu wa mpingo. Za mizimuzo zithere kwanu komweko. Amuna anu ndi munthu wakhama, inu mukufuna azikhala pakhonde kumakuwerengani zala? Pakadafunda padajiwitsa galu. Mudzadya tulo?"

Ndinakwiya mpaka m'makutu kulira. Poimirira ndinasuzumira mkati. Matumba a ufa anali atasanjidwa pafupi ndi chibafa, omasulamasula kukamwa. Nkhwangwa yonolanola inali itatsamira pakhomo, pambali pake mulu wa zitsa. Tandiuza iwe wophunzira, munthu wosakhulupirira mizimu amasiyira ndani nkhwangwa yakuthwa madzulo aliwonse, antchito atapita?

A Nangozo anapita okha kumanda. Anagwada pamtumbira, kuwachonderera amuna awo kuti agone, asiye bambo ako, mwana wa eni. Pobwera anandiuza akupukuta misozi kuti, "Ali moyo ndinkawauza zomwezi, sanandimverepo. Lero ndiye andimvera?" Usiku womwewo belu linalira ngati kale.

Ine ndinayesa zanga zonse. Ndinabisa nsapato, bambo ako anapita chopanda nsapato. Ndinaphwetsa matayala a njinga, anaikankha. Ndinakiya chitseko n'kumangirira makiyi m'chiuno. Belu linalira kuzenera osalekeza, ngrii, ngrii, chifuwa chija chikuyandikira mpaka ndinachimva ngati chili kumutu kwa bedi, iwe n'kudzuka ukulira. Bambo ako anandigwadira ine mkazi wawo, kuti nditsegule chisanalowe chinthucho kumene kwagona mwana. Ndinatsegula.

Tsiku limenelo ndinawatsatira chapatali. Njira yonse ndinkamva njinga ziwiri, koma ndinkaona imodzi. Nditafika ndinasuzumira pampata wa chitseko. Moto wa mu uvuni unkawala mokwanira. Bambo ako anali mbali imodzi ya chibafa, akukanda, mutu ukugwera pachifuwa. Mbali inayo panalibe munthu, koma ufa unkalowa pansi wokha, apa, kenako apa, ngati ukuponderezedwa ndi zibakera. Epuloni ija pamsomali panalibe. Sindinafune kuyang'anitsitsa kumene inali.

"Bambo a Mwandida!" ndinakuwa. "Tiyeni kwathu!"

Ufa uja unasiya kugwedera. M'nyumba monse munati zii, ndipo ndinamva kuti chinachake chatembenukira kwa ine. Bambo ako sanadzutse n'komwe mutu.

"Pita, mkazanga," anatero. "Timalize kaye."

Timalize. Iwo ndi ndani? Ndinathawa mpaka kunyumba, chitenje chili m'manja.

Khirisimasi sanaione. Kutatsala masiku ochepa, akabaza anawapeza m'mawa pansi pa mtengo wa mthethe panjira ya ku Utale, atakhala chotsamira, njinga ili pambali, thupi litazizira kale. Makireti anali opanda kanthu. Eni magolosale a kutsogoloko, kumene bambo ako sanafike, anati potsegula anapeza buledi atasanjidwa bwino pakhonde, akadali wofunda. Ngakhale tsiku limenelo oda ya bwana sinaphonye.

Misozi yanga inali yosakanikirana ndi ukali, ndipo ukali ndi umene unali wambiri. Munthu ndinamulephera ali moyo. Chimene chinatsala chinali chimodzi, chakuti akagone.

Tsiku loika, ndinakhala pafupi ndi bokosi nditafunda chitenje kumutu, amayi atandigwira uku ndi uku, monga akhalira namfedwa. Namfedwa sayankhula pabwalo, umadziwa. Amangolira, ena n'kumamunenera. A kubanja anamaliza. Woyendetsa mwambo anati tsopano timve mawu ochokera kuntchito. Ndinaona jekete lakuda lija likuimirira, kampango komweko m'manja.

"Damiano, mwana wanga, wandilakwira!" anayamba bwana Likongwe. "Uvuni uja wasiyira..."

Sindikudziwa mmene ndinaimirira. Ndinangoona chitenje chili pansi, ine ndili njo pakati pa bwalo.

"Tsekani pakamwa panupo!"

Anthu anati haa! Amayi anandikoka kuti ndikhale pansi, alamu anga akuti mlamu, mukutichititsa manyazi. Ndinawakutumula, n'kukakhala pamwamba pa bokosi.

"Bokosi ili silichoka pano," ndinatero, "mpaka bwanawa atawauza amuna anga kuti aweruka. Mmodzi munamutenga kale m'manda, uyu yekha ayi. Muwauze onse awiri, pamaso pa anthu."

"Amayiwa chisoni chawasokoneza mutu," anatero bwana, akumwetulira abusa.

Pamenepo a Nangozo anadzuka pakati pa amayi, kuyenda pang'onopang'ono, n'kudzakhala pabokosi pambali panga. Adzukulu amene anali atayandikira kuti anyamule anabwerera m'mbuyo. Nyimbo inazima yokha. Dzuwa linali pamutu.

Ndiye kuseri kwa khamu, kumene kunalibe njinga ina iliyonse, belu linalira. Ngrii, ngrii. Anthu anapatuka okha, kusiya kanjira, osadziwa kuti akupatukira ndani. Fungo la buledi wamoto linadzaza bwalo. Kenako chifuwa chija chinamveka kumbuyo kwenikweni kwa bwana Likongwe, ndipo amene anali pafupi anaona paphewa la jekete lakuda lija pali ufa woyera, zala zake zooneka bwino, ngati munthu wawagwira kuti afunse ntchito ya mawa.

Bwana sanacheuke. Thukuta linali kamukamu.

"Mwaweruka," anatero chapansipansi.

"Mokweza!" ndinakuwa. "Pamaliro a a Kholowa munkamveka mpaka kumsika. Ndipo muwatchule maina."

"A Kholowa, mwaweruka! Damiano, waweruka! Ntchito yatha, palibe akukudikirani. Pitani kwanu mukapume."

Fungo lija linayamba kuchepa. Ndinatsika pabokosi, kutola chitenje changa, kufunda kumutu, n'kuyamba kulira monga alirira mkazi wofedwa. Adzukulu ananyamula.

Titabwera kumanda ndinakhala m'chipinda chochezera ndi amayi ogona pasiwa. Dzuwa linali lisanalowe, ana akusewerabe panja. Ndinamva njinga ikubwera pang'onopang'ono, tcheni chikulira monga chinkalirira cha bambo ako. Njinga yawo yeniyeniyo inali m'nyumba momwemo, tonse tikuiona. Ya panjayo inafika pakhonde, n'kutsamizidwa kukhoma. Chitseko sichinatseguke, koma tinamva mapazi otopa akudutsa pakati pathu kulowera kuchipinda. Nsapato inagwa pansi, kenako inzake. Bedi linalira. Pasanapite nthawi, mkonono.

Amayi anayang'anana, wina n'kuyamba kutsegula pakamwa kuti ayambitse nyimbo. Ndinamugwira mkono.

"Chonde musaimbe," ndinatero. "Asiyeni agone."

Chikwatirane, bambo ako anali asanafikepo pakhomo dzuwa likadali kunja. Tsiku limenelo ndiye anafika. Ndinakhala pakhomo la chipinda usiku wonse, iwe uli pamiyendo panga, kuletsa aliyense kulowa. Tambala analira, kuzenera kunali zii. Kutacha ndinapeza bedi lili lofunda mbali yawo, ndipo sanabwerenso. A Nangozo nawo anapeza epuloni ija itapindidwa bwino pamphasa pawo, youma. Uvuni wa bwana Likongwe m'mawa umenewo unali wozizira, ndipo anachita kulemba gulu la anthu kuti agwire ntchito imene inkagwiridwa ndi amuna athu awiri.

Ndiye iwe lero ukubwera kudzandiuza kuti bwana wati popanda iwe ofesi singayende, ukufuna ndiwombe m'manja? Mawu amenewo ndinawamvapo, mwana wanga, ndipo ndinawamvera pamaso pa bokosi.

Imeneyo ndi foni yako ikulira m'chikwamamo? Nthawi ino, Loweruka? Usandiuze, ndikudziwa amene akuimba. Bweretsa kuno. Ndati bweretsa kuno, Mwandida. Ilire mpaka itope. Iwe idya, ukagone.